Nkhukundembo ya Khirisimasi ndi Lamulo la Tirigu

Aliyense amene anakulira m'midzi ya m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama, kuyambira ku Mitundu kufikira ku Nathenje, adziwa kuti ulemu wa tsiku la Khirisimasi suyesedwa ndi kutalika kwa ulaliki, kapena ndi kukoma kwa nyimbo za kwaya, koma ndi zinthu zitatu zimene mwini khomo ayenera kuika pamaso pa ana ake ngakhale atachita kukongola, ndizo mpunga, nkhuku, ndi buledi wa m'mawa woviika mu tiyi wamkaka. Ndipo mwa zitatuzi wamkulu ndi buledi, pakuti nkhuku timaweta tokha, mpunga tingathe kupempha kwa abale, koma buledi ndiye amalengeza kwa mudzi wonse kuti m'nyumba muno munagonako ndalama. Nchifukwa chake amuna a kuno, pochokera kumsika madzulo a pa 24 Disembala, sitibisa buledi m'thumba, koma timamukoleka pachiwongolero cha njinga, ndi kudzera njira yaitali yodutsa pabwalo la mfumu.

Chaka chino, chimanga chitangomera, mwana wathu wachisamba amene akhala ku Johannesburg anatumiza mawu pa WhatsApp kuti adzadya nafe Khirisimasi pamodzi ndi mkazi wake ndi mdzukulu wathu wamkazi. Anawonjezapo ziwiri. Choyamba, kuti mwanayo anazolowera nkhukundembo yowotcha yathunthu, ya msuzi wokhuthala. Chachiwiri, kuti madokotala anampeza ndi nthenda yotchedwa celiac, ndipo kanthu kalikonse kokhudzana ndi tirigu, ngakhale kanyenyeswa, kasayandikire pakamwa pake.

Podziwa kuti safunsa anadya phula, ndinaitana mnyamata wina wa m'mudzi mwathu amene aphunzira ku Bunda, ndipo iye, atakhala pampando wanga wa ndalema osapatsidwa, anandimasulira kuti m'tirigu, m'barele ndi m'mbewu ina yotchedwa rye muli chinthu chotchedwa gluten, chimene chimachititsa ufa wokanda kutamuka ndi buledi kufufuma. Kuti mwa anthu ena, pafupifupi mmodzi pa 100 alionse, thupi limalimbana nacho chinthucho mpaka kuwononga m'kati mwa matumbo aang'ono, kotero kuti mwana amadya koma osanenepa, mimba ili tuu, ndi kutsegula kosalekeza. Ndi kuti mankhwala ake ndi amodzi okha, kusala tirigu ndi mbewu zinzakezo moyo wonse. Anati amene anatsimikiza za ichi ndi dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, amene pa njala ya m'nyengo yozizira ya 1944 ndi 1945 anaona ana odwala nthendayi akupeza bwino pamene buledi anasowa, nayambanso kudwala buledi atabwerera. Ndipo analemba zimenezi mu 1950. Ndinagwedeza mutu mwaulemu, monga munthu amene ankazidziwa kale koma anangoiwala dzina la dokotalayo.

Chimene chinandilasa mtima ndi mndandanda umene mnyamatayo analemba kuseri kwa kalendala. Kumanzere anaika zoletsedwa: buledi, masikono, mandasi, mabisiketi, supageti, ndiko kunena kuti zonse zimene ndakhala ndikutulutsira thukuta kuti ana anga asaoneke amphawi. Kumanja anaika zololedwa: nsima yoyera, mgaiwa, mpunga, chinangwa, mbatata, nyemba, nkhwani wotendera, zitumbuwa za nthochi ndi ufa wa chimanga, ngakhale thobwa lathu la chimera cha mawere. Taonani, zakudya zonse zimene ndinkadya moŵerama, ndikumapepesa kwa alendo kuti kuno ndi kumudzi, ndizo zimene madokotala a ku Joni alamula, ndipo akuti kumeneko anthu amazigula pamtengo wokwera m'mapaketi olembedwa bwino. Ndakhala ndikusala tirigu miyezi khumi ndi umodzi pachaka popanda wondiyamika.

Nkhukundembo ija ndinakaipeza kwa mlimi wina kufupi ndi Nathenje. Za mtengo wake ndisanene, pakuti amayi a kunyumba amamvetsera nkhani zino ana akamawaŵerengera, ndipo iwo adziwa mtengo wina. Inali yaimuna, ya khungu lofiira lolendewera pamphuno, yoyenda modzikuza ngati mkulu wa mpingo wonyamula mbale ya chopereka; ndipo panjira yonse, ili m'dengu kumbuyo kwa njinga yamoto ya kabaza, inkatulutsa khosi ndi kundijompha pamsana, mwakuti ndinafika kwathu ndili wodziwa kale kuti pakati pa ine ndi iyo sipadzakhala chiyanjano. Mnyamata wa ku Bunda uja anati makolo ake a mbalameyi anawetedwa koyamba ku Mexico, kwawonso kwa chimanga. Ndinamva chifukwa chake inkayang'ana nkhokwe yanga monga cholowa cha makolo ake.

Tsono popeza mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndinalengeza kuti ntchito yowotcha ndiigwira ndekha, ine amene chiyambire ukwati sindinagwirepo mthiko koma pouchotsa pampando. Amayi a kunyumba anangoti, “Chabwino abambo, moto ndi umenewo,” ndi mawu ofatsa amene mwamuna wanzeru akawamva amayamba kupemphera.

Uvuni m'mudzi mwathu ulipo umodzi, wa njerwa, wa mayi wina wophika masikono. Koma malata ake ndi matebulo ake ndi oyera ndi ufa wa tirigu, ndipo apongozi athu a ku Joni, amene mwambo sundilola kukambirana nawo maso ndi maso, anatumiza mawu kudzera kukhitchini kuti kumeneko ayi. Chiwaya chokazingira mandasi anachikananso, pamodzi ndi mafuta ake ndi lichero limene linapetapo ufa wogula. Timabokosi ta zokometsera msuzi timene ndinagula monyadira tinabwezedwa, pakuti tina mwa ito amaikamo tirigu, ndipo zilembo zake nzazing'ono kuposa mphamvu ya maso anga. M'mimba mwa mbalame, m'mene azungu amafutsamo nyenyeswa za buledi, tinagwirizana kuikamo mpunga wa Kilombero ndi anyezi. Buledi amene ndinali nditagula kale, chifukwa cha maso a anthu, anaŵeruzidwa kukhala kuseri kwa khola, kumene ndinkapita kukamuchezera ndekha, ndi kusamba m'manja ndi sopo pobwerera monga wansembe wa m'Chipangano Chakale.

Ndinaganiza zowotcha monga amayi amaphikira chigumu, moto pansi ndi moto pamwamba. Ndinaika mbalame m'sefuliya yaikulu ya pamaliro, miyendo ikusuzumira kunja, ndi kuvundikira ndi lata. Nkhuni zinali zonyowa ndi mvula, ndipo makala, chiyambire 2015 pamene asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, ndi chinthu chimene munthu woopa Mulungu amagula osafunsa kwawo. Ine ndinasankha zitsononkho, zimene zimayaka mwaukali ndi kuzima mosatsazika. Akatswiri amati nyama ya mbalameyi yapsa pamene kutentha kwa m'kati mwa ntchafu kwafika madigiri 74, ndi kuti vuto lake ndi lakuti chidale chimauma ntchafu zisanapse. Chopimira changa chinali chala. Pamene anthu ankatuluka m'tchalitchi, ine ndinali chigwadire mu utsi, ndikuuzira moto ndi mpweya wonse umene Mlengi anandipatsa. Ndipo nditavundukula lata, ndinapeza kuti kunja mbalame yalandira kale chilango cha ku Gehena, koma nditabaya ntchafu ndi mpeni munatuluka madzi ofiira, osonyeza kuti m'katimo uthenga wa moto sunafike. Ndikhulupirira kufikira lero kuti inachita dala.

Apa amayi a kunyumba anadza osanena kanthu, nanyamula sefuliya, nachotsa mpunga uja kukaupatsa moto wakewake, napala zopserera, naduladula mbalame imene ndinalumbira kuti idzafika pamphasa yathunthu. Ntchafu ndi mapiko anaziphika pamoto wodekha, chidale anachiika pambuyo pake, ndipo zonse anazikazinga m'mafuta atsopano mpaka zinafiira. Za msuzi wokhuthala, umene kwa azungu amaukhuthalitsa ndi ufa wa tirigu wokazinga m'mafuta a nyama, apongozi anayamba kufotokoza ali chogwada pakhomo la khitchini, koma amayi anawadula. “Mwana wanga, limenelo ndi phala la nyama basi.” Anakazinga anyezi ndi matimati m'mafuta otsalira m'sefuliya, nathiramo madzi ophikira khosi ndi nthutumba, natenga ufa woyera wodzaza supuni ziwiri, nausungunula kaye m'madzi ozizira kuti usachite timibulu, nauthira pang'onopang'ono akutakasa kufikira msuzi unagwira mthiko. Ine ndinathandiza poima pafupi ndi kuvomereza.

Pakudya ndinaimirira ndi kulongosolera alendo, mwatsatanetsatane, za Mexico, za dokotala Dicke, ndi za luso lowotcha kunja koyamba kuti madzi a nyama asathawe. Mdzukulu wanga, amene mwa mwambo wathu ndimamutcha mkazi wanga wamng'ono, anadya mitanda iwiri ya nsima ndi msuziwo, mpunga osaukhudza, nanyambita zala, kenaka anandiyang'anitsitsa nati, “Agogo, nanga nsidze zanu zapita kuti?” Ndinamuyankha kuti amuna a ku Dzalanyama timameta nsidze pa Khirisimasi.

Mbiri ya luso langa, imene ndinathandiza ndekha kuifalitsa, yafika tsopano kwa akulu a mpingo, ndipo andipempha kuti pa chikondwerero cha Chaka Chatsopano ndiwotchere abusa ndi alendo awo nkhukundembo zitatu, zathunthu. Ndinavomera pamaso pa anthu, ndi dzanja pachifuwa. Nditawauza amayi a kunyumba, anandiyamikira kwambiri, nandikumbutsa kuti sabata imeneyo iwo adzakhala ku Malingunde, ku chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo, ndi kuti sefuliya ya pamaliro ija eni ake akuifuna yotsuka.