Udindo wa Wojambula Wodzipereka pa Bonanza za ku Domwe

Masewero a rugby ya anthu 7, momwe osewera amanyamula m'manja mpira wooneka ngati dzira n'kumapatsirana chakumbuyo uku anzawo akuwagwetsa pansi movomerezeka ndi malamulo, anayambira m'tauni ya Melrose ku Scotland m'chaka cha 1883, pamene Ned Haig, yemwe ankagwira ntchito m'butchala, anaganiza zoti timu yake yosowa ndalama ichititse mpikisano wa tsiku limodzi wa masewero afupiafupi. Masiku ano chigawo chilichonse chimatenga mphindi 7 zokha, ndipo mu 2016 masewerowa analowa mu Olympics ku Rio de Janeiro, kumene amuna a ku Fiji anatenga mendulo yagolide. M'mabwalo a m'midzi ya ku Domwe, m'boma la Angónia, mpira wotchuka ndi wamiyendo, komabe kusowa kwa ndalama, kuperewera kwa osewera ndi kugwetsana, zomwe ndi maziko a rugby ija, zimapezekako zambiri ndithu.

Bonanza ndi mpikisano wa mpira wamiyendo wa matimu a m'midzi umene umatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo umakonda kuchitika m'chilimwe anthu atakolola, makamaka pa tchuthi monga cha pa 4 Okutobala, tsiku lokumbukira mgwirizano wa mtendere umene unasainidwa ku Rome mu 1992. Malamulo amati timu ikhale ya anthu 11, koma popeza goloboyi amakhala akuthirira mbatatesi kudimba, ndipo otseka kumbuyo awiri anadutsa pa Calómuè kupita ku Dedza ndi katundu wa malonda, oyimbira amaliza wenzulo akangoona kuti mbali iliyonse yakwana anthu 7 kapena 8. Alendo amene amamva kuti phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000 kutalika kwake amabwera atavala majuzi, osadziwa kuti dzuwa la Okutobala silichitira ulemu phiri lililonse.

Wodzipereka ndi munthu amene amagwira ntchito yopanda malipiro chifukwa chakuti anachedwa kuyang'ana pansi pamene komiti inkagawa maudindo. Mlembi wa nkhani ino ndi wa mtundu umenewu, ndipo anasankhidwa kukhala wojambula pa chifukwa chakuti foni yake ili ndi maso atatu kumbuyo, ngakhale kuti loona ndi limodzi lokha. Kuyambira pamenepo ana amamuitana kuti "atolankhani", dzina limene iye amalikana ndi pakamwa pokha. Ulemu umenewu sumuchotsera ntchito zina, pakuti mpira usanayambe ndiye amene amalemba mizere ya bwalo ndi phulusa, kuimika mitengo ya bulugamu ya pagolo, kuthamangitsa ng'ombe zomwe zimaona bwalolo ngati msipu wa makolo awo, ndiponso kuchotsa zimene ng'ombezo zasiyapo.

Kujambula kwenikweniko kuli ndi mavuto amene mabuku a luso limeneli sanawaganizire. Foni ya mlembi imayamba yalingalira isanajambule, kotero kuti pamene iye adina, mpira umakhala uli pa phazi la wosewera, koma pamene chithunzi chituluka, umakhala uli m'munda wa eniake. Dzuwa likafika paliwombo, galasi la foni limada bii, ndipo wojambula amangoloza kumene kukuchokera phokoso. Atazisanthula zithunzi zake mosamala, mlembi anapeza kuti zambiri ndi za fumbi, zina ndi za mwendo wopanda mwini, zina ndi za msana wa mayi wogulitsa thobwa, ndipo chokongola koposa zonse ndi cha kamvuluvulu amene anadutsa pakati pa bwalo atanyamula majumbo. Cha chigoli palibe n'chimodzi chomwe, chifukwa mpira ukangolowa, ochemerera onse amakhamukira m'bwalo, ndipo wojambula amatengedwa ndi chigulucho miyendo ili m'malere. Batire nayo, imene inatchajidwa ndi sola pa babashopu polipira mameticais kapena makwacha, malinga ndi amene ali m'thumba, ili ndi chizolowezi chothima m'ndime yachiwiri kwa yomaliza.

Udindo wolemera koposa umabwera pakabuka mkangano. VAR, yomwe ndi njira yothandiza oyimbira poonanso kanema wa zimene zachitika, inagwiritsidwa ntchito pa World Cup ya ku Russia mu 2018, ndipo ku Domwe ntchito yonseyo imagwera foni ya maso atatu ija. Makaputeni onse awiri amafika thukuta lili kamukamu, wina n'kunena kuti, "Achimwene, tatsegulani mufonimo aone okha anthuwa," ndipo mlembi akaonetsa chithunzi cha mtambo ndi chala chake chachikulu, mbali iliyonse imapezamo umboni wokwanira wakuti ikunena zoona. Zimene zimatsatira pamenepo n'zimene akatswiri a ku Melrose akanazizindikira msanga.

Mphotho ya opambana nthawi zambiri imakhala mbuzi, ndipo popeza wojambula amaonedwa kuti alibe mbali, chingwe chake amapatsidwa iyeyo kuti agwire kuyambira m'mawa. Pa chithunzi chomaliza mfumu imakhala pampando, osewera amagwada kutsogolo, ndipo mbuzi, imene yakhala ikukoka dzanja la mlembi tsiku lonse, imasankha nthawi yomweyo kufulatira. Kutacha, pakhomo pa mlembi pamadzaza anthu ofuna kuti awatumizire zithunzi pa WhatsApp ndi mayunitsi ake omwe, ndipo aliyense amachoka ndi dandaulo, wina akuti, "Bambo, mwandidula mutu," wina akuti mimba imene yaonekayo si yake. Mbuzi ikamadyedwa amaitanidwa mwaulemu wonse kuti adzajambule anthu akudya.

Pempho la mlembi kwa makomiti onse okonza bonanza, kuyambira ku Domwe mpaka ku Ulongwe, ndi lakuti chilimwe chikubwerachi mbuzi imangiriridwe kumtengo, ndipo ndalama yotchajira foni ilowe m'bajeti pamodzi ndi ya wenzulo. Amene sanalandire zithunzi za chaka chatha abwere ndi mayunitsi awo.