Ntchentche ya ku Amsterdam ndi Nkhani Zina

Pabwalo la ndege la Schiphol ku Amsterdam, otsuka m'zimbudzi anatopa nawo abambo. Munthu wa suti ndi tayi, akuthamangira kukasaina mapangano a mamiliyoni, koma kulunjika pakabowo kokha n'kumukanika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akuluakulu a pabwalopo anangojambula kantchentche m'kati mwa mokodzera, pafupi ndi potulukira madzi. Basi. Bambo aliyense akakaona, mtima wa ulenje umamubwerera. Akuti zodonthera pansi zinachepa ndi 80 peresenti. Ine chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti anayeza ndani, ndipo anagwiritsa chiyani?

Katswiri weniweni pamasewera ngati amenewa osintha khalidwe la anthu ndi Antanas Mockus wa ku Bogotá, likulu la Colombia. Mkuluyu ali woyang'anira yunivesite, ophunzira anamusokosera mpaka mawu ake osamveka. Iye anangotembenuka, kutsitsa buluku, n'kuwaonetsa kumbuyo. Holo yonse zii! Ntchito inamuthera pomwepo, koma anthu a mumzindawo anati uyu ndiye wathu, ndipo mu 1995 anakhala meya.

Misewu ya Bogotá inali yoopsa, madalaivala osasamala za woyenda pansi. Mockus anaona kuti anthu ake saopa chindapusa koma kusekedwa. Choncho anatulutsa anthu a zisudzo zopanda mawu, opaka nkhope zoyera, mpaka anakwana 420. Ukaimika galimoto pamizere yowolokera anthu, wina amabwera n'kuyamba kuikankha mwabodza, thukuta labodza, misozi yabodza, msewu wonse uli m'manja. Ukawoloka paliponse, wina ali pambuyo pako kutsanzira kayendedwe kako, mpaka kagwedezedwe ka m'chiuno. Wapolisi ukhoza kumunong'oneza za kangachepe. Nanga wosalankhula ukambirana naye bwanji? Madzi atavuta, meya yemweyo anakasamba pa TV, kuonetsa dziko lonse kuti podzola sopo uzitseka mpopi. Anthu anaseka, koma mipopi anatsekadi.

Ku London mu 2015, bungwe la Hubbub linakhoma mumsewu wa Villiers bokosi la zipinda ziwiri zoonekera m'kati, pamwamba pali funso: katswiri ndani, Ronaldo kapena Messi? Voti yake kachidutswa ka ndudu. Osuta anayamba kuponya m'bokosi m'malo motaya pansi. Kuno tikanalemba Bullets ndi Noma, ngakhale mkulu wa mpingo akanayamba kutolatola tizidutswa m'ngalande, ena n'kukadandaula kuti mavoti abedwa.

Koma mutu wa munthu suyenda mmene ophunzira afunira. Ku Haifa, m'dziko la Israel, makolo ankachedwa kukatenga ana kusukulu za mkaka. Ofufuza awiri, Uri Gneezy ndi Aldo Rustichini, anayesa kuika chindapusa cha mashekele 10. Ochedwa anachuluka! Kale mayi ankafika wefuwefu, "pepani aphunzitsi" ali kukamwa. Tsopano amafika pang'onopang'ono, ndalama ili m'manja, poti manyazi aja apezeka kuti ali ndi mtengo, wotchipanso. Chindapusacho atachichotsa, kuchedwa kunatsala, manyazi osabwerera.

Ku Arizona, m'dziko la America, kuli malo otetezedwa a Petrified Forest, kumene mitengo yakalekale inasanduka miyala. Alendo ankaba timiyalati. Robert Cialdini ndi anzake anayesa zikwangwani ziwiri. China chinkadandaula kuti alendo ambiri akhala akutenga miyalayi, china chinkangopempha kuti musatenge. Pachikwangwani chodandaulacho panabedwa pafupifupi 8 peresenti ya timiyala timene anaikapo, pachinzakecho sipanafike 2 peresenti. Munthu amawerenga n'kunena kuti, "Ooh, kani aliyense akutenga? Ndiye ine ndalakwa chiyani?"

Chikhalirecho ina mwa miyalayo imabwerera yokha, papositi. Akuba amaitumiza ndi makalata opepesa: chitengereni mwalawu galimoto yafa, banja latha, ntchito yatha, landirani katundu wanu. Azungu amenewa, omwe amati sakhulupirira za minyama. Oyang'anira malowo sangaibwezere pamalo pake chifukwa sadziwa pamene inatoledwa, ndiye amangoiunjika pamulu umodzi. Mpaka lero wapositi akubwerabe ndi timaphukusi tolemera.