Unkhoswe wa pa Seva ya Alamu

Kuno ku Matundo munthu amapatsidwa udindo malinga ndi katundu amene anthu anamuona atanyamula. Ine ndinaonedwa ndikuwoloka mlatho wa Samora Machel nditakoleka chikwama cha laputopu paphewa. M'chikwamamo munali malambe ndi malaya osinthira, koma pofika tsidya lino mbiri inali itanditsogolera kale, yakuti mkulu wa ku Angonia uja ndi injiniya. Kuchokera pamenepo anthu akhala akundibweretsera mafoni ofera m'madzi, marimoti a TV, ngakhale sikelo ya pa msika wa Kwachena, ndipo sindinakanepo, chifukwa ulemu sabweza.

Alamu anga ali ndi nyumba yogona alendo m'mbali mwa msewu wopita ku Moatize. Alendo awo ambiri ndi madalaivala a mathiraki ochokera ku Cuchamano, ena olowera ku Zobue kuti akatulukire ku Mwanza, ena okhotera ku Cassacatiza kupita ku Zambia. Nyumbayo ili ndi tsamba la pa intaneti losungitsira zipinda, limene anapanga mnyamata wina asanasamukire ku Maputo. Pochoka anasiya kapepala ka pasiwedi ndi lamulo limodzi lokha, lakuti tisakhudze chilichonse. Kapepalako alamu anandipatsa ine. Lamulolo anaiwala kundiuza mpaka zinthu zitavuta.

Tsiku lina seva inandiuza yokha kuti kwatuluka mapulogalamu atsopano. Ine ndinaleredwa bwino, mkulu akalankhula ndimamvera. Ndinalemba pip install --upgrade, mizere yoyera inathamanga pa sikirini yakuda, anyamata a pa baraka yoyandikana nafe anasonkhana pawindo kudzaonerera sayansi. Tsamba linapitiriza kugwira ntchito bwinobwino, ndipo madzulo ake alamu anandigulira nyama ya mbuzi yootcha, mbuzi ya ku Tete yeniyeni, yodya masau, osati zoumirira za kumapiri kwathu.

Chimene chimachititsa kuti foni ikhulupirire tsamba ndi satifiketi. Yathu imachokera ku Let's Encrypt, ndi yaulere, koma imakhala masiku 90 okha. Pali kapulogalamu kotchedwa Certbot kamene kamapita kukatenga ina patatsala masiku 30 kuti yakale ithe. Vuto la Certbot ndi lakuti akamwalira salira. Amangogona phee, satifiketi n'kumadya masiku ake, inu n'kumadya mbuzi. Makalata ochenjeza anali kubwera ndithu, koma ku imelo ya mnyamata wa ku Maputo uja, amene ndikukhulupirira anawawerenga ali pagombe, n'kunena kuti Mulungu awathandize.

Anatidzutsa ndi dalaivala wa ku Harare. Anaonetsa alamu foni yake, pamene panali chenjezo lofiira lakuti tsambali silotetezeka, anthu angathe kukuberani pasiwedi. Alamu anandipeza ndikumwa maheu.

"Alamu, intaneti ikuti ndine wakuba."

"Ayi alamu, ikungoti mwina pali akuba."

"Pa nyumba yanga pali ine, alongo anu ndi inu. Ndiye wakubayo ndani?"

Ndinatsegula laputopu mwamsanga, funsolo lisanapeze yankho.

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti ntchito ya makompyuta ndi unkhoswe. Certbot salankhula yekha ndi akuluakulu a satifiketi. Amatuma laibulale yotchedwa requests, requests amatuma urllib3, urllib3 amatsamira pa Python, Python amatsamira pa OpenSSL, gogo wa banja lonse amene amasunga makiyi. Update yanga inabweretsa urllib3 2, mkamwini watsopano amene anatuluka mu Epulo 2023, ndipo mkamwini ameneyu ananeneratu kuti sakhala m'nyumba imodzi ndi OpenSSL aliyense wochepera pa 1.1.1. Seva yathu ndi ya CentOS 7, ndipo gogo wa m'menemo ndi 1.0.2k. Mkamwini analowa, anaona gogo, anakhala pansi n'kupinda manja. Mkangano wonse unalembedwa pa mzere umodzi wa Chingerezi, umene ndinauwerenga mokweza kuti anyamata a pawindo adziwe kuti ndikuutsata.

Nkhoswe yanzeru imayamba ndi akulu. Ndinati ndisinthe gogo, ndilembe yum kuti andibweretsere OpenSSL watsopano. Yum anabwerako chimanjamanja. CentOS 7 anasiya kusamalidwa pa 30 Juni 2024, ndipo pasanapite nthawi malo amene ankatengako mapulogalamu anatsekedwa, katundu yense n'kusamutsidwira kosungira zakale. Ndinati chabwino, ndiike Python watsopano, mwina abwera ndi nzeru zatsopano. Koma kuyambira pa 3.10, nayenso Python safuna OpenSSL wochepera pa 1.1.1. Sanakane kulowa, ayi. Analowa mwaulemu, koma opanda mbali yake ya ssl. Ndiye pip, amene amayenera kukanditengera mankhwala, amayenda pa HTTPS, ndipo HTTPS imafuna ssl yomweyo. Kuti ndikonze chitetezo ndinafunika kukhala nacho kale chitetezocho.

Ndipo 1.1.1 amene onsewa anali kumulirira, nayenso anapuma pa ntchito pa 11 Seputembala 2023. Tinali kukanganirana malemu.

Mkati mwa chipwirikiticho ndinapezanso abale ena awiri, pyOpenSSL ndi cryptography, amene maina awo amaonetsa kuti ndi a mimba imodzi koma amamvana pokhapokha zaka zawo zikayenderana. Wina ndinamukweza, mnzake anatsala, ndiye anayamba kufunsana zinthu zimene mnzakeyo anataya kalekale. Cryptography ndiye anandimaliza: iye pobwera amanyamula OpenSSL wakewake m'chikwama, sadalira wa m'nyumba. Choncho pa seva imodzi panali agogo awiri, wina wakale wina watsopano, ndipo ndikafunsa kuti veshoni yathu ndi iti, yankho linkadalira amene ndamufunsa.

Zonsezi zinkachitika dzuwa la ku Tete lili paliwombo, lija limadutsa madigiri 40 osapepesa. Seva yeniyeniyo ili ku Johannesburg, m'chipinda chozizira bwino. Magetsi ambiri a ku Cahora Bassa amapita komweko ku South Africa, pa mawaya a makilomita oposa 1,400 ochokera ku Songo, ndiye n'kutheka kuti mtsinje umene ndimawoloka tsiku lililonse ndi umene unali kupepesera mphepo makina amene anali kundizunza. Ine fani yanga inaima masana, magetsi a Credelec atatha, alamu n'kunena kuti agula mayunitsi ntchito ikaoneka.

Alamu si munthu wosowa maganizo. Anati ngati vuto ndi kaloko kamene kamaoneka pamwamba pa tsamba, bwanji tijambule loko wa pa geti, wamkulu wachitsulo uja, tiike chithunzicho pa tsambalo. Ndinaseka mwaukatswiri, koma usiku ndinaliganizira ganizolo mofatsa kuposa mmene ndingavomerezere pagulu. Nanenso ndinali nditapeza nzeru yofanana nayo pa intaneti, yakuti ndingolemba verify=False, pulogalamu isiye kufunsa masatifiketi. Mu pulogalamu yakoyo cholakwa cha satifiketi chimazimiririkadi ukatero, chifukwa wauza mlonda kuti aliyense wobwera pa geti asamamufunse dzina.

Ndisanachite zimenezo kunabwera mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira za makompyuta konkuno ku Tete. Anabwerera ufa, koma anaona nkhope yanga n'kukhala pansi.

"Amalume, mwaika zonsezi pamalo amodzi?"

"Ndi seva imodzi, mwanawe."

"Simunapange venv?"

Ndinamuuza kuti m'nthawi yathu tinkaitchula mwina. Sanandiyankhe. Anapanga kachipinda kapadera ka Certbot yekha, kumene malaibulale ake sakumana ndi a tsamba kapena a seva. Anabweza urllib3 ku 1.26, amene amapirira gogo wakale, n'kulemba mu requirements.txt nambala ya laibulale iliyonse kuti munthu wina wachangu asadzaikweze mwangozi. Ponena "munthu wina wachangu" anayang'ana kudenga, mwana woleredwa bwino. Satifiketi inabwera maheu anga asanathe m'kapu.

Kenako anandipatsa ulaliki umene sindinaupemphe. Anati zimene wachitazo ndi zomata chabe, seva yonse iyenera kusamukira ku makina amene akulandirabe zigamba, monga Ubuntu 22.04 amene ali ndi OpenSSL 3.0, ndipo kumeneko tikapezanso mikangano ina chifukwa 3.0 anatsekera kunja njira zakale monga MD4 zimene mapulogalamu ena achikulire amadalirabe. Anandikumbutsa za Heartbleed, bowo limene linapezeka mu OpenSSL mu Epulo 2014, limene linkalola mlendo kutapa makilobaiti 64 a zimene seva ikukumbukira, mobwerezabwereza, mapasiwedi ndi makiyi omwe, osasiya phazi. Anati mkamwini wokana gogo uja sachita mwano, amadziwa zimene gogo wosalandira mankhwala angachite. Ndinagwedeza mutu monga munthu amene anali pafupi kunena zomwezo.

Alamu atabwera ndinawauza kuti takonza, ndipo mawu akuti "ta" ndinawatchula motsitsa kwambiri. Anatenga foni ya mwanayo kuti aone loko wawo. Loko panalibe. Chrome anachotsa kachizindikiro ka loko mu Seputembala 2023, pa veshoni 117, n'kuikapo timizere tiwiri tokhala ndi timadontho, ati chifukwa anthu ankaganiza kuti loko akutanthauza kuti mwini tsamba ndi woona mtima. Alamu anatiyang'ana timizereto nthawi yaitali.

"Ndiye sabata yonseyi mumamenyera timizere?"

Posakhutira, anatulutsa foni yawo, imene anaigula mlatho wa Kassuende utangotsegulidwa kumene mu 2014, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anatsegula tsamba la nyumba yawo. Chenjezo lofiira lija linali pomwepo, lathanzi. Mafoni a Android ochepera pa 7.1.1 sadziwa muzu wa satifiketi wa Let's Encrypt wotchedwa ISRG Root X1. Kwa zaka zingapo ankadutsa pogwira dzanja la muzu wakale, DST Root CA X3, koma mgwirizano umenewo unatha pa 30 Seputembala 2024. Tsamba linali lotetezeka kwa dziko lonse lapansi kupatula kwa mwini wake, ndi madalaivala onse amene mafoni awo ndi a msinkhu umenewo, amene pa msewu wa ku Zobue si ochepa.

Mwana uja ananong'ona kuti Firefox amayenda ndi mndandanda wakewake wa mizu, ndiye tikamuika pa foniyo tsamba litseguka. Ndinabwereza mawuwo mokweza ngati anga, n'kumuika. Tsamba linatsegukadi. Alamu anaona chithunzi cha chipinda nambala 4, anati bedi limenelo anagulitsa kalekale, ndipo madalaivala onse amasungitsa malo pa WhatsApp ya alongo anga. Kenako anayang'ana mamega awo n'kupeza kuti Firefox wadya onse. Mtengo wake, mametikali 100, anati achotsa pa mbuzi ya mwezi uno.