Mmene mungagubuduzire forklift ya abwana ku Pretoria

Achimwene, ngati mwangofika kumene ndipo mwamva kuti pamalo ena omanga ku Centurion akufuna woyendetsa forklift ya m'matope, musataye ndalama ndi sukulu. Lamulo la kuno la chitetezo pantchito la 1993 limafuna satifiketi, yomwenso amati muzikaikonzetsa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Koma inu munayendetsapo minibasi ya ku Ndirande. Auzeni akapitawo zimenezo, n'kukwera.

Makinawa si aja oyenda pasimenti yosalala m'mafakitale a ku Rosslyn. Awa ndi a dizilo, amimba yokwera, matayala ake akuluakulu a mano ngati a thirakitala, ndipo ambiri amakoka ndi matayala onse anayi. Mu 1958 Marcel Braud wa ku France anatembenuza thirakitala kuti kumbuyo kukhale kutsogolo, n'kuikako mafoloko, ndiye kubadwa kwa Manitou kumeneko. Popeza anawapangira pokumbika, inu dziwani kuti sangagwe.

Chinsinsi chili pokhota. Forklift imakhota ndi matayala akumbuyo, kotero mukapotoza chiwongolero, matako ake achitsulo amasesa chilichonse chili pambali. N'chifukwa chake imatembenuka pampata wochepa pakati pa milu ya njerwa. Musacheuke. Amene waima kumbuyoko, kaya ndi mnyamata wa wilibala kaya ndi bakkie ya injiniya, anayenera kudziwa yekha.

Aphunzitsi amati katundu aziyenda m'munsi, pafupi ndi nthaka, mafoloko atapendekera kumbuyo. Nanga atsikana odutsa kunja kwa mpanda aona bwanji kuti muli pantchito? Kwezani paleti ya simenti mpaka pamwamba penipeni, mukhote muli pa liwiro. Kachitsulo kolembapo makilogalamu amene makina angathe kunyamula n'kokongoletsa chabe. Matayala akumbuyo akayamba kunyamuka, itanani anzanu awiri onenepa akhale kumbuyoko.

Mvula ya mabingu ya mu Disembala ikagwa, dothi lofiira lija limaterera koopsa. Pamtsetse amati katundu aziloza kumtunda nthawi zonse, ndiye kuti potsika muzibwerera cham'mbuyo. Mwamuna sabwerera m'mbuyo. Dutsani chopingasa, makamaka m'mphepete mwa ngalande imene akumba dzulo. Ekiselo yakumbuyo imagwedera kuti matayala onse azigunda pansi pamabampu, ndipo ikafika pomalizira pake mudzamva nokha.

Forklift ikayamba kugwa, buku la malangizo limati khalani pampando, lamba ali m'chiuno, gwiritsitsani chiwongolero, pondani zolimba, thupi lipendekere kumene sikukugwera. Inu lambayo munamumanga kale kumbuyo kwa mpando kuti asakusokonezeni, choncho dumphani. Denga lachitsulo la forkliftyo lidzakupezani pansi pomwepo.

Musanayambe zonsezi, perekani ndalama ya mwezi uno ku gulu la zamaliro la anthu akwathu. Kudutsitsa bokosi pa Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza n'kodula, achimwene, tisadzavutike kusonkherana pa WhatsApp.