Abambo akalanda chikwama cha ndiwo

Ku Mandimba, tauni ya m'chigawo cha Niassa kumalire ndi Malawi, kuli nthenda yogwira amuna okhaokha, ndipo imabuka malipiro akachedwa. Munthu amadzuka m'mamawa, n'kupita pa banca kukagula kope ndi cholembera, pobwera n'kuitanitsa banja lonse pakhonde. "Kuyambira lero ndalama ya ndiwo ndiziyendetsa ndekha. M'nyumba muno mukuseweretsa ndalama." Dziwani kuti kope ndi cholemberazo wagulira ndalama ya ndiwo yomweyo.

Mphunzitsi wina wa kumeneko, tingoti Che Uje, itamugwira nthendayi analemba zonse za sabata: ufa, tomato, anyezi, mafuta, usipa, makala. Mizere anajambula ndi rula. Kenako anavala malaya oyera ndi nsapato zopolisha, ulendo wa kumsika 8 koloko m'mawa, nthawi imene wogulitsa aliyense akadali ndi mphamvu zokana. Mayi wa tomato atangoona nsapatozo, mulu unaonda pomwepo, tomato mmodzi anabwerera m'dengu mwakachetechete. Mkuluyo sananenerere, poti aphunzitsi sanenerera pamaso pa makolo a ana a m'kalasi mwawo. Basela sanapemphe. Analipira, n'kuthokozanso.

Akazi awo msika womwewo amapitako dzuwa litapendeka, pamene wogulitsa wayamba kuganiza za mtunda wobwerera kumudzi ndi dengu lolemera. Amatola tomato wofewa amene ena amukana, podziwa kuti mumphika tomato yense amafewa basi. Koma zoterezi sizilowa m'kope.

Madzulo nsima inabwera, usipa unabwera. Che Uje anatema mbamu, kusunsa, kuponya m'kamwa, nkhope n'kusintha.

"Mayi ake, mchere bwanji?"

"M'kope mwanu mchere mulibe, bambo. Ndinaopa kuphwanya lamulo."

*

Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ku Malawi kunali kulira, koma tsidya lino la malire ena anaseka chamumtima. Munthu wa meticais anasanduka bwana ku Chiponde, tsidya la Malawi. Bambo wina atamva kuti shuga ndi nyama ya soya kumeneko zatchipa, anakwera kabaza kudutsa kamtunda kaja ka pakati pa zipata ziwiri za malire. Anyamata osintha ndalama anamupatsa mpukutu wa makwacha wosakwana m'thumba la malaya, ndipo apa m'pamene mutu unazungulira. Munthu amene kunyumba amawerenga machesi m'bokosi, ku Chiponde anaima pa chiwaya n'kuitanitsa tchipisi cha mazira awiri ndi Fanta wozizira, n'kugulirakonso wakabaza, amene pofika nthawi imeneyo anali atayamba kumutchula kuti bwana wamkulu. Pobwerera katundu anachuluka, panafunika kabaza wachiwiri.

Kunyumba anayala katundu pamphasa. "Taonani! Pa shuga yekhayu ndapulumutsa 30 meticais."

Mwana wake wa kalasi 5, amene masamu amamukonda, anafunsa: "Papá, nanga makabaza aja anali aulere?"

Anamutuma kukatunga madzi, mtsuko uli wodzaza kale.

Nyama ya soyayo inakumana ndi mayeso ake Lachisanu, tsiku limene anganga anatsika chapa, minibasi ya kuno, kuchokera ku Ngauma. Mpongozi wawo anaiviika m'madzi otentha, kuifinya, kuikazinga ndi anyezi mpaka kufiira, kuthira tomato ndi kachidutswa ka caldo. Fungo lake linali lonamiza ndithu. Ana anali atachenjezedwa kale kuti woulula mawa sadya.

"Anganga, lero takuphikirani mbuzi," anatero mdzukulu wamkulu.

Gogoyo anatafuna nthawi yaitali ndi mano ake otsalawo, kenako anasanthula m'mbale ndi chala.

"Mbuzi imeneyi anazinga ndani? Shehe wake uti?"

Kunali zii.

"Chabwino. Nanga mafupa ake?"

"Inali yopanda mafupa, anganga."

"Ehee. Mafupa mwadya nokha, ine mwandipatsa za odwala."

Mpaka anabwerera ku Ngauma akuuza aliyense m'chapa kuti ana a m'tauni amamana mafupa.

*

Za carapau zimandizunguza mutu. Nsomba imeneyi yambiri imachokera kunyanja yamchere ya ku Namibia, kuyenda itauma gwa m'makatoni mpaka ku Cuamba ndi ku Mandimba, n'kudzagwera m'mbale ya munthu amene nyanja ya Amaramba ali nayo pafupi. Komabe ndi ndiwo ya ulemu imene thumba la munthu wamba wa m'tauni limaifikira, bola ukhale ndi dzanja logawa.

M'nyumba ina ya anthu asanu ndi awiri carapau mmodzi amakwanira, ndipo lamulo lake silisintha. Mutu ndi wa abambo. Pakati amadulapo tinthuli ta ana akuluakulu, tooneka bwino ukayandikira. Mchira ndi wa chitsiriza. Amayi amati, "Ine msuzi umandikwanira," bodza limene lalera anthu ambiri m'chigawo cha Niassa, ena mwa iwo lero akuyenda pa magalimoto a boma. Msuziwo umachuluka malinga ndi kuchuluka kwa anthu. Akabwera mlendo, nsomba siwonjezeka, amawonjezera kapu ya madzi.

Chitsiriza uja atayamba sukulu, aphunzitsi anati aliyense ajambule nsomba. Anzake anajambula yamaso, yazipsepse. Iye anajambula mchira, n'kukhala pansi atapinda manja.

"Kwinako kuli kuti?"

"Kwinako sindinakuonepo, aphunzitsi."

*

Kumtunda kozizira kwa Massangulo nyemba ndi zosasowa, ndipo mayi wina kumeneko anatulukira njira yodyetsa banja nyemba sabata yathunthu osagwidwa. Lolemba zophika wamba. Lachiwiri chipere, atazisupula makoko n'kuzipota. Lachitatu khwanya wotendera, masamba a nyemba zomwezo. Lachinayi zosakaniza ndi mbatata. Lachisanu badjia wa khobwe, amene ndi msuweni wa nyemba. Mwamuna wake ankadzitama pabwalo kuti kwake ndiwo zimasinthasintha, sadya chimodzimodzi kawiri.

Amene anaulula chinsinsi ndi anzake a pa benchi m'tchalitchi cha pa mishoni. Lamlungu lina, ulaliki uli mkati, anayamba kusendera mmodzimmodzi, mwaulemu, maso ali kutsogolo, mpaka mkuluyo anatsala yekha pa benchi ya anthu khumi.

Nyemba zotchipa zili ndi ngongole yake inanso, ya makala. Wosaziviika usiku amapulumutsa kumsika n'kukataya pa mbaula. Abambo a makope zimenezi amazizindikira thumba la makala litafika pansi Lachitatu.

*

Pa 1 Julayi 2006 boma linachotsa maziro atatu pa ndalama ya metical. Agogo ena a ku Mandimba maziro awo sanataye, anasunga. Mdzukulu akanena kuti botolo la mafuta ophikira akugulitsa 150, iwo amagwira pamtima. "150,000! Mafuta okhawo? Muli ndi nkhuku m'kati mwake?" Basi lamulo limatuluka kuti ndiwo zonse zikhale zotendera, mtondo ulire. Ndipo kunena zoona, nkhwani wa nsinjiro wa m'nyumba imeneyo palibe anaudandaulapo. Adzukulu amadziwa kuti agogo akuwerenga ndalama yakale, koma safuna kuwawongola.

*

Sitima ya pakati pa Cuamba ndi Nampula ndi msika woyenda. Ikaima pa Malema kapena pa Mutuáli, mabeseni a anyezi, tomato, kabichi ndi adyo amakwezedwa kumawindo, manja mbali zonse, malonda ayenera kutha sitima isanalize. Kalaliki wina wa ku Cuamba, pobwera ku maliro ku Nampula, anamva mtengo wa anyezi pa Malema mtima n'kudumpha. M'malo mogula kamulu anagula thumba lathunthu, anthu atatu kuthandizana kulikoka pawindo. Anapereka ya 500, mayi wogulitsa anati adikire pang'ono akasinthe. Sitima inaliza. Mkuluyo anatulutsa mutu pawindo n'kuona nkhope ya Samora Machel ya pa ndalama ija ikutsala pa Malema, mayi uja akumutsanzika ndi dzanja mwaulemu wonse.

Sanataye mtima. Anawerengera kuti ngakhale chenji chapita, wapindulabe, bola anyezi adyedwe yense. Vuto linali lakuti m'nyumbamo anali anthu anayi, ndipo mvula inali itayamba. Anyezi atamva chinyontho anaganiza kuti wabzalidwa, n'kuyamba kuphuka kuseri kwa chitseko. Linatuluka lamulo la changu. Anyezi m'nyemba, anyezi m'therere, anyezi mu futali, anyezi wokazinga payekha n'kumutcha ndiwo. Mwana wamng'ono anayamba kuvundula tiyi ndi supuni asanamwe, kuti aone kaye.

Anyezi wotsalayo mkuluyo anayamba kugawira aneba. Poyamba ankathokoza ndi manja awiri. Pakutha pa mwezi, akamuona akutuluka ndi mbale, ankatuma mwana kukanena kuti amayi achoka.

*

Ine ndikaona, ochepetsa ndalama ya ndiwo enieni sagula kope. Ndi amayi aja amene mu Malichi, masamba ali mbwee, amafutsa nkhwani ndi chitambe n'kuyanika pamphasa, kuti mu Okutobala, kamulu ka repu katasanduka ka anthu olemera, azingotapa mfutso m'chikwatu. Ndi aja amasinja chigwada cha kuseri kwa nyumba, chomwecho chimene m'malo odyera a m'tauni amachiika m'mbale yoyera n'kulipiritsa. Ndi aja a xitique, amene amasonkha ndalama n'kugula thumba la mpunga la makilogalamu 25 ndi chigubu cha mafuta cha malita 5, n'kugawana pansi pa mtengo wa mango, chifukwa anazindikira kalekale kuti wogula mafuta a m'kapepala tsiku ndi tsiku amalipira kuposa wogula chigubu. Msonkhano umenewu amuna awo amautcha wa miseche. Mpungawo amadya osafunsa kumene wachokera.

Koma ngakhale akatswiri oterewa ali ndi mdani mmodzi amene sanamupezere mankhwala. Mandimba ili pa msewu wa N13, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Cuamba ndi enanso otero kukafika ku Lichinga. Chiikireni phula pa msewuwu, wachibale aliyense akungodutsa. Wopita ku Lichinga akungodutsa, wobwerako akungodutsa, ndipo onse chapa imawatsitsa nthawi imodzi, pamene mthiko wayamba kugunda mumphika.

Amati mlendo ndi mame. Amjomba ena anabwera kudzangodutsa, dzuwa linatuluka kambirimbiri mame osauma. Mayi wa m'nyumbamo sakanawathamangitsa, mjomba ndiye mwini mbumba. Anaganiza zowatopetsa ndi ndiwo. Lolemba therere. Lachiwiri therere. Lachitatu therere la chidulo chowawa dala, ana akudya misozi ili m'maso, abambo a m'nyumbamo atapeza kale zifukwa zochedwera ku ntchito. Lachinayi amjomba anasamba m'manja, kunyambita chala, n'kupumira m'mwamba.

"Apongozi, therere lotere ndinalidya komaliza amayi anga ali moyo. Ndimati ndinyamuke mawa, koma ayi. Nditumireni mwana akandigulire mayunitsi, ndiitane akazi anga adzalaweko."

*

Womaliza ndi bambo wina wa ku Cuamba amene analetsa buledi m'nyumba. M'mawa mbatata kapena chinangwa chophika, tiyi wa supuni imodzi ya shuga, ndipo supuniyo osati yodzaza mpaka phiri. Iye mwini sankakhudza n'komwe. "Ine m'mawa sindimva njala," ankatero, n'kutenga chikwama ulendo wa ku ntchito. Akazi ake ankamumvera chisoni, mpaka kumauza ana kuti atengere chitsanzo cha bambo awo. Chodabwitsa chinali chimodzi: onse m'nyumbamo ankapepuka, koma lamba wa abambo ankasunthira kutsogolo bowo ndi bowo.

Bambo yemweyo ndi amene ankakakamiza mwana wake kuwerenga Chipwitikizi mokweza madzulo alionse. Tsiku lina nyuzipepala inasowa, mwana anatola foni ya abambo pa tebulo n'kuyamba kuwerenga mauthenga a e-Mola, momveka bwino, mosadodoma, monga anamuphunzitsira. Ndalama zakuti zatumizidwa ku nambala yakuti, 7 koloko m'mawa. Dzulo lake chimodzimodzi. Dzana chimodzimodzi. Nambala yake imodzi yomweyo, ndipo amayi anaizindikira, chifukwa inalembedwa ndi penti pa khoma la barraca ina ya pafupi ndi siteshoni, pamene amagulitsa buledi wa badjia, mazira okazinga ndi tiyi wa mkaka.

Amayi sanayankhule kanthu. Anayamikira mwana kuti kuwerenga kwapita patsogolo.

Mawa lake, mkuluyo atangokhala pa benchi ya pa barraca, buledi ali m'manja, anamva benchi ikulemera. Kumanja akazi ake atavala chitenje chatsopano, kumanzere ana onse anayi atasamba, wamng'ono atanyamula kapu yakeyake.

"Nafenso m'mawa sitimva njala, bambo ake. Itanitsani."