Galaja ya pa khonde

Mwamuna aliyense wa mu Ndirande ndi makaniko, bola galimotoyo ikhale ya eni ake. Minibasi ingofa pa Chinseu, muona anthu opanda ngakhale wilibala atazungulira boneti, manja kumbuyo, uyu akuti ndi mapulagi, uyo akuti mafuta sakukwera. Ine ndili m'gulu lomwelo, ndipo ndimaima kutsogolo. Chondisowetsa mtendere zaka zonsezi n'chakuti panalibe wondilola kugwira sipanala.

Mwayi unatulukira m'chikwama cha mlamu wanga wa ku Joni. Anagulira mwana wanga kagalimoto ka rimoti, kofiira, ka matayala a mano, pa katoni atakajambula kakuuluka pa mchenga. Ndinalandira ine m'malo mwa mwanayo, poti ana sasamala zinthu.

Pa simenti ya m'nyumba kanathamanga mpaka mphaka anasamuka. Koma titakatulutsa pa kanjira kathu kotsikira ku Nasolo, komwe chipitire namondwe wa Freddy mu 2023 ndi miyala yokhayokha, kanagunda kamwala kamodzi n'kugona chagada, matayala akupalasa m'mwamba ngati mphemvu yomwa mankhwala. Ana a aneba anaseka. Ine sindinaseke. Ndinalengeza kuti galimotoyi anaipangira misewu ya kwawo, tsono iyenera kulowa mu galaja. Galaja yake ndi khonde langa.

Nditamasula, ndinapeza kuti chiwongolero chake chimadziwa mawu atatu basi: kumanja, kumanzere, kutsogolo. Muli kamota kamene kamakankhira matayala mpaka kumapeto, ndi kasipuling'i kowabwezera pakati. Za kukhota pang'ono sikazidziwa. Mashoko akenso ndi odyetsa maso, timasipuling'i touma tovekedwa pa timitengo ta pulasitiki.

Ndinagula bandulo ya usiku n'kulowa m'kalasi. Abale, kunjaku kuli akuluakulu a ndevu zawo amene amapikisana ndi timagalimoto totere popanda manyazi, ndipo akazi awo sawanena. Kampani ya ku Japan ya Tamiya ndi ya ku America ya Team Associated ndi zina mwa zotchuka. Ya ku Americayo inatulutsa kotchedwa RC10 mu 1984, ndipo mu 1985 ku California kunachitika mpikisano wa dziko lonse wa timagalimoto ta magetsi toyenda m'fumbi. Timakhala gawo limodzi mwa magawo 10 a galimoto yeniyeni, koma zonse zilimo. Chiwongolero chimayendetsedwa ndi kamakina kotchedwa servo, kamene ukapotokola pang'ono rimoti nako kamapotokola pang'ono. M'mashoko amathiramo mafuta a silicone, olimba kapena opepuka malinga ndi bwalo, chifukwa sipuling'i payokha imangonjanja. Mafutawo ndiwo amaiuza kuti yadumpha kamodzi, basi ikhale pansi.

Ndinaphunziranso kuti pokhota, tayala lamkati liyenera kupindika kwambiri kuposa lakunja, pakuti likuzungulira kabwalo kakang'ono. Nzeru imeneyi anaitulukira mmisiri wa ngolo za akavalo wa ku Munich, Georg Lankensperger, koma amene anakailembetsa ku London mu 1818 ndi Rudolph Ackermann, ndiye mpaka lero dzina lomveka ndi la Ackermann. Zimenezi sizinandidabwitse. Kuntchito kwathunso lipoti ndimalemba ine, kusayina amasayina ena.

Mawa lake ndinayamba kusaka zipangizo. Mumsika wa Ndirande ukafunsa chinthu sakuyankha kuti palibe, amakuuza kuti dikirani pang'ono, koma servo ataimva anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kundifunsa ngati ndikunena ya Toyota kapena ya Nissan. Ndinachita manyazi kutchula mtundu wa galimoto yanga. Ndinangogula masipoko a njinga kwa wokonza njinga, guluu, ndi majakisoni opanda singano ku famase. Masipuling'i ndinachotsa m'mabolopeni onse a m'nyumba, kuphatikizapo imene mayi a kunyumba amalembera za banki mkhonde.

Majakisoni aja ndiwo anakhala mashoko. Ndinaboola kabowo pa kamphira ka m'kati kuti mafuta azidutsa pang'onopang'ono, monga momwe enieniwo amagwirira ntchito. Mafuta a silicone kulibe, tsono ndinalowera kukhitchini mwakachetechete. Ndikutsanulira m'chitsekerero, ndinamva mawu kumsana.

"Abambo, mafuta amenewo mukudziwa mtengo wake?"

"Ndi madontho chabe, mayi."

"Madontho omwewo ndi amene mumawafufuza mu ndiwo madzulo."

Injiniya sayankha zilizonse. Ndinapitiriza ntchito.

Kenako ndinakakweza m'mwamba kuti mimba isamakhule miyala. Apa m'pamene sayansi inayamba kundibweza. Galimoto ukaikweza, kulemera kwake kumakwera nawo, ndiye pakona iliyonse imafuna kugubuduka. Choposa apo, timasipoko tolumikiza chiwongolero ndi matayala tinasiya kugona mofanana ndi mikono yogwira matayalawo, tinapendekeka. Zikatere, tayala likakwera pa bampu, kasipoko kamalikoka, galimoto n'kukhota yokha woyendetsa asanaganize. Kanjira kathu n'ka mabampu okhaokha, choncho kagalimotoko kanayamba kudzisankhira kopita. Ine ndikati kumanja, iko kamaona kuti kwa aneba kuli bwino. Mafuta ophikira nawo anayamba kudontha, ndipo usiku nyerere zinabwera kudzayendera galaja.

Nthawi yonseyi panali kamnyamata ka aneba kamene kankandionerera katatsamira galimoto yake ya mawaya. Matayala ake ndi zitini za polishi zokulungidwa malegeni, chiwongolero ndi waya wautali wofika m'chiuno. Ndinaiyang'anitsitsa ndi diso la munthu wophunzira, ndipo mtima unandipweteka. Kakapotokola dzanja pang'ono, matayala amakhota pang'ono, ndiye kuti servo yake ndi mkono. Mawaya a thupi amapindika okha pa mwala n'kubwerera, mashoko ake ndi omwewo. Batire yake ndi phala la m'mawa. Mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, anachita kulemba buku la ana mu 1990 lonena za mnyamata wa kuno kwathu wofunafuna mawaya opangira galimoto yotere, pomwe ife tinkakwapulidwa chifukwa chodula mpanda wa eni ake.

"Ankolo," kanatero, "tipikisane mpaka pa mjigo."

Munthu wamkulu sapikisana ndi mwana. Ndinavomera pofuna kukaphunzitsa ulemu.

Poyambira ndinakasiya kutali, ndipo ndinamva mwana wanga akukuwa kuti adadi, adadi. Pa bampu yoyamba kagalimoto kanga kanaganiza zake, kanakhotera kumanzere, n'kukalowa pansi pa benchi la mayi wogulitsa tomato. Milu inagumuka. Jakisoni mmodzi anathawira m'ngalande. Pamene ndinkawerenga tomato wophwanyika ndi kufunsa mtengo, wa mawaya uja anali atafika pa mjigo, wabwerako, ndipo akupaka galimoto yake chobwerera m'mbuyo pafupi ndi phazi langa.

Madzulo, tikudya ndiwo za tomato wambiri zedi, mwana wanga anapempha kuti ndimumangirire waya wautali pa kagalimoto kofiira kaja, aziwongolera ndi dzanja ngati mnzake. Ndinamangirira, ndipo kakuyenda bwino kwabasi, kakukhota pamene mwini wafuna. Rimoti ndinasunga ine. Iye akamathamanga nako mumsewu, ine ndimakhala pa khonde n'kumadinadina mabatani, nkhope ili gwa, kuti odutsa aziona kuti pali amene akuyendetsa. Mabatire ake mayi anaika kale mu wailesi.