Madzi Akatayika Saoleka, Koma Funsani Otcheza Kachasu

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Mwambiwu watonthoza anthu ambiri pa mabanja otha ndi pa mayeso olephera. Vuto lake ndi lakuti mphunzitsi wa sayansi amalipidwa kuti autsutse.

Phunziro lake ndi lija la zinthu zolimba, zamadzimadzi ndi mpweya. Madzi amapezeka m'magulu onse atatu, ndipo sachita nazo manyazi. Akazizidwa mpaka madigiri 0 amaundana. Akatenthedwa mpaka 100 amawira n'kusanduka nthunzi. Komatu 100 ameneyo ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Kumtunda ngati ku Dedza madzi amawira cha m'ma 95, ndiye nyemba zikachedwa kupsa kumeneko musafulumire kunena wophika.

Tsono madzi otayika pakhonde aja amapita kuti? Ena amalowa m'nthaka, ena dzuwa ndi mphepo zimawanyamula pang'onopang'ono osawira n'komwe. Nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, asodzi n'kumayenda pansi pomwe ankapalasa bwato. Palibe anaba madziwo. Anakwera kumwamba masanasana, mvula itavuta. Patapita nthawi mitambo inawabweza, matemba n'kuyambanso kufa.

Kunena n'kosavuta. Koma mphunzitsi ali ndi ana odzaza kalasi, ena pansi pa mtengo wa mango, ndipo chipangizo chokha chimene ali nacho ndi choko. Kukoleji anamuuza za TALULAR, kuti aziphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo. Ndiye amagula frizesi kwa amayi ogulitsa pageti, n'kumukweza m'mwamba. "Ana inu, ichi n'cholimba. Tiyeni tidikire tione." Mu Okutobala sudikira nthawi yaitali. Chovuta ndi chakuti maso a kalasi yonse sali pa kusungunukako, ali pa funso lakuti amwe ndani. Mphunzitsi akangotembenuka kuti alembe pabolodi, cholimba chija chadutsa kale pakhosi pa mnyamata wa kutsogolo, ndipo phunziro lathera pomwepo.

Katswiri weniweni wa nkhaniyi sali pasukulupo, ali kuseri kwa mudzi, ndipo sanalembepo mayeso a MANEB. Amayi otcheza kachasu amaola madzi m'malere tsiku ndi tsiku. Amaika mtsuko pamoto, n'kumata kukamwa kwake kuti nthunzi isathawe. Nthunziyo imalowa mu mpope wodutsa m'madzi ozizira, ikazizidwa imasandukanso madontho, tho tho tho, m'botolo. Ukali wa mowa umawira pa madigiri 78, madzi asanayambe, n'chifukwa chake botolo loyamba, la mutu lija, limagwetsa munthu wandevu zake. Amayiwa amadziwanso kuti madzi oziziritsa aja akafunda ayenera kusinthidwa, apo ayi phindu liuluka. Buku limatha masamba angapo kufotokoza zimenezi, iwo amangoyesa ndi chala.

Sindikunena kuti a hedi atengere ana a Sitandade 6 kumeneko. Makolo akhoza kutseka sukulu, ndipo aphunzitsi ena sangabwereko pa nthawi yake. Mphika wa madzi otentha ndi chivundikiro chozizira n'zokwanira: vundukulani, ana aone madontho atapachikika kunsi kwake.

Ngozi yake imabwera ana akamvetsa. Mtsikana wagwetsa ndowa yodzaza pafupi ndi khomo, mayi ake atulukira ndi mthiko m'manja.

"Amayi, musadandaule. Sanatayike ayi, asanduka nthunzi, abweranso ngati mvula."

"Chabwino, mwanangu. Iwe ndi aphunzitsi ako mudzadya nsima mu Disembala. Ife tikufuna ya lero. Nyamula ndowayo, kumjigo!"